Jombo za Malemu Yotamu

Pali ntchito zina zimene anthu amakuthokoza ukazisiya osagwira. Ine ndinadziwa zimenezi mochedwa, nditangokhala masabata atatu mu Lusaka.

Ndinachoka kwathu ku Katete nditamaliza sukulu, n'kukakhala kwa azakhali ku Kabwata. Mwana wawo Yotamu, msuweni wanga, anaphunzira kusukulu ya maofesala a asilikali, ndipo patangopita zaka ziwiri anamwalira ali pantchito kunja kwa dziko. Pa katundu wake yense amene anabwera m'thiranki, azakhali ankasamala kwambiri jombo za paperete. Zinkakhala pamwamba pa kabati, ndipo iwo ankati kuwala kwake ndi ntchito yomaliza ya manja a mwana wawo.

Loweruka lina kunali mapemphero okumbukira malemu. Anzake a kuusilikali ankabwera, ndipo jombozo zinayenera kukhala patebulo pafupi ndi chithunzi. M'mawa azakhali akupita kumsika anati, "Mwanawe, alendo apeze zonse zili zoyera."

Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapukuta mawindo. Kenako ndinaona kuti jombo zija zili ndi fumbi komanso timing'alu kunsonga. (Kwathu nsapato ikada timaitsuka n'kuiyanika padenga. Palibe anandiuzapo kuti kuli nsapato zina zimene zimangosisitidwa ndi thonje.)

Ndinatenthetsa madzi, poti ndine munthu wosamala. Nditangoviika jombo yoyamba, madzi anada bii! Ndinasangalala kuti litsiro likuchoka. Panatsala mawanga ena okanika, choncho ndinatenga waya wotsukira mapoto. Pofika naini koloko jombo zonse ziwiri zinali zitatuwa ngati chikopa cha ng'oma.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti litsirolo linali polishi. Ndinazipaka mafuta ophikira. Zinawala kwa mphindi zisanu, kenako kunabwera nyerere.

Azakhali atalowa sanakalipe. Anaika kabichi pansi n'kukhala pampando, maso ali pa jombozo. Bwenzi zili bwino akanangondimenya.

Pasanapite nthawi anafika Kaputeni Bwalya, mnzake wa Yotamu wa kusukulu kuja, ndi asilikali ena atatu. Ananyamula jombo imodzi, n'kuuzira nyerere.

"Ni ndani wachita ivi?"

Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Iwe, wasebenzesa chani?"

"Waya, bwana."

"Waya," anabwereza, akugwedeza mutu ngati walandira lipoti.

Azakhali anayankhula chapansipansi. "Manja a mwana wanga apita ndi madzi."

A Kaputeni anagwada pafupi nawo. "Ba mayo, lekani nikuuzeni zoona. Kutamanga na kuwombela, Yotamu anali namba wani. Koma kupolisha? Ziro. Izi jombo ninapolisha ndine, masiku atatu, yeve ali chabe pa bedi aniuza nkhani za atsikana."

Ine ndinayang'ana kabichi.

"Ngakhale kuno mbale sankatsuka," anatero azakhali. Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka kulira, ndipo a Kaputeni anawagwira dzanja mpaka anatonthola.

Kenako a Kaputeni anavula jekete n'kundituma polishi ndi thonje pakantemba, kagolosale ka pafupi. Maofesala anayi anakhala pakhonde, akupatsirana jombo, akuzungulitsa thonje pang'onopang'ono, dontho la madzi, kapolishi pang'ono, kwinaku akukumbutsana mmene Yotamu ankagonera ali chiimire pamzere. Abusa odzatsogolera mapemphero anadikira ola lathunthu osadandaula. Ine anandipatsa udindo wogwira kapu ya madzi, ndi lamulo loti ndisakhudze china chilichonse.

Jombozo zinabwerera pakabati zikuwala pang'ono chabe. A Kaputeni amabwerabe Loweruka lililonse lomaliza la mwezi kudzawonjezera polishi, ndipo azakhali amawaphikira nkhuku.

Lolemba lotsatira ndinaona kuti chipewa cha malemu nachonso chili ndi fumbi. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, manja akundiyabwa. Ulendo uno ndinayamba ndafunsa kaye. Azakhali anangochitenga n'kuchitsekera m'thiranki, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje.