Sabata Yofuna Kunenepa

Lolemba
Ndabwerako ku chipatala cha Metangula, wapansi. Miyezi inayi osasamba, ine nkumati ndaima. Anamwino akuti mulibe kanthu, ndangouma. Andikweza pa balansa yoyezera kulemera, apukusa mutu. "Thupi lotopa silisunga mwana, mayi. Idyani, khalani pansi." Ndikuthokoza, si matenda, si ufiti. Koma apongozi ananena kale kuti mvula ikagwa ndilibe mimba, abale a mwamuna wanga akhala pansi za ine. Ndiye kuyambira mawa: kudya katatu, osasenza kanthu, kugona masana ngati mkazi wa komandanti.

Lachiwiri
Ndili pamkeka, msana ukuchita kuyabwa ndi ulesi. Mwamuna wanga wandibisira chambo chathunthu, cha ine ndekha! Chisanapse, odi. Achemwali ndi ana awo anayi, athawa mfuti ku Lunho. Chambo chagawika pasanu ndi kawiri, ine ndalandira mutu. Palibe kanthu, mutu uli ndi mafuta, ndipo afika onse amoyo.

Lachitatu
Ufa wa kondowole watha. Chimanga chili kumtunda ku Maniamba, ndipo kumeneko safuna china, amasintha ndi usipa basi. Amuna akakwera phirilo amagwidwa usilikali, ndiye opita ndi akazi. Achemwali mapazi atupa. Apongozi mawondo. Kwatsala ndani? Kuti ndinenepe ndidye, kuti ndidye ndikwere phiri lomwe linandiumitsa. Namwino ameneyu sanasenzepo dengu!

Lachinayi
Phiri, thukuta, usipa kununkha pamutu. Mayi wosintha naye chimanga ndi wonenepa ngati nkhokwe yake, ndipo nayenso alibe mwana. Namwino yemweyo anamuuza kuti aziyenda, achepetse thupi! Taseka mpaka misozi. Akuti tikanatha tikanasinthana matupi, iye atenge mafupa anga, ine matako ake. Wandiwonjezera mtedza mbale yodzaza. Mulungu amudalitse, amuwondetse pang'ono.

Lachisanu
Tikutsika. Mfuti zalira kuseri kwa phiri, tathamanga ndi madengu pamutu, ine patsogolo pa onse. Kuuma kuli ndi ubwino wake. Chimanga chafika. Mtedza tagawana m'njira, anzanga analibe kamba, ndikanatafuna bwanji ndekha? Chitenje chikumasuka chokha m'chiuno.

Loweruka
Ndagwira munsi, achemwali andilanda. Ndanyamula ndowa, mwamuna wanga wandilanda, watunga yekha akazi onse a m'mudzi mwathu muno mwa Chiwanga akumuseka. Ndadya kawiri! Ndikadzitsina pamkono ndikugwirabe fupa. Kutsidya kwa nyanja mitambo yayamba kuda. Ndikuopa. Ndimamukonda munthu ameneyu, sindifuna kuchoka pano.

Lamulungu
Sindinanenepe. Ndasiya, sindinenepa chaka chino. Potuluka mu tchalitchi apongozi andigwira dzanja kuti ndiwathandize kutsika masitepe, koma sakulisiya. Akulipapasa ngati akusankha nkhuni. Ndikudikira mawu a mvula aja. Akuti chimanga chimene tadya dzulo akudziwa amene anachitsitsa kuphiri.

"Mwana tikumufunayo si wopusa," atero. "Wamva mfuti, wamva njala, akudikira. Ifenso tidikira. Abale aja ndawauza akhale kwawo."

Ndalira pakhomo pa tchalitchi, anthu nkumati ulaliki wandilowa. Lachitatu kuli phiri kachiwiri. Ndipita, ndi mtima wopepuka ngati thupi langali.