Gitala Yosaopa Madzi

Anzanga, ine matama anandigwira chaka chatha pamene achemwali anga a ku Joni ananditumizira gitala. Sinali gitala wamba ayi, inali ya kaboni faiba, yopanda thabwa ngakhale pang'ono, yakuda bii, yopepuka moti mutha kuinyamula ndi zala ziwiri. Yanga yakale yathabwa ija inali itandizunza mokwana. Chiperoni chikangoyamba khosi limapindika, dzuwa la mu Okutobala likawomba nsambo zimamasuka, ndipo ndikatsika minibasi kuchokera kwathu ku Zingwangwa ndimayamba kaye kuchuna anzanga ali kale pa vesi yachiwiri. Koma yatsopanoyi, kaya mvula, kaya dzuwa, kaya kondakitala aikhalire, mawu ake amakhala omwewo. Chiswe nachonso chilibe poluma.

Ndiye mwadziwa, kwaya yathu ya ku Soche imafuna woimba gitala wotsogolera, poti a Gondwe, mkulu wa kwaya, ankati zala zayamba kuwauma. A Gondwe ndi bambo wofatsa wa kumpoto, anapuma ntchito m'boma, ndipo gitala yawo yathabwa amaikonda ngati mwana. Anaimba nayo pa ukwati wawo, ndipo itakalamba anaipaka okha penti yakuda. Malo awowo ndimawafuna ndi mtima wonse, moti ndinati Loweruka pa pulakatisi ndikawaonetse kuti munthu wake ndine, chida chakenso ndili nacho.

Tsikulo kunali kamvula kaja kosatha, mutchalitchi muli mdima poti magetsi anali atazima. Ndinafika nditakoleka gitala kumsana popanda chikwama, dala, kuti anthu aone ikunyowa. Ndinaitsamiritsa pa benchi yakutsogolo n'kutuluka kukayankha foni. Zomwe sindinadziwe n'zakuti a Gondwe anaitenga kukaiyesa m'kachipinda kovalira abusa, yawo n'kuisiya pa benchi pomwepo.

Ndabwerako, ndanyamula gitala pa benchi, ndayamba ulaliki. Ndinauza amayi a soprano kuti nthawi ya matabwa inatha, matabwa asiyireni akalipentala a ku Ndirande azipangira mipando. Inde, m'manja ndinamva kuti yalemerako, koma ndinangoti ndi njala. Fungo la penti nalo linandipeza, ine n'kuganiza kuti apenta mawindo. Kodi munthu akamadzitama mphuno imagwira ntchito?

Mayi wina anati sakukhulupirira kuti pali gitala yosaopa madzi. Apo ndiye anandiputa. Pakona panali jagi ya madzi osamba m'manja tikamadya mandasi pa buleki. Ndinaitenga, n'kuthira pamimba pa gitala, waa! Anthu anakuwa, ine mtima uli mbee. Poona kuti asangalala, madzi otsalawo ndinawathira m'bowo momwe, n'kuikhutchumula ngati ndikutsuka botolo. Kenako ndinaigogoda ndi chibakera kuti amve kulimba kwake. Inalira mawu ena ake achisoni, ngati chitseko cha kabati, koma ine osamva. Ndinatuluka nayo panja n'kuiimika pansi pa ngalande ya denga, madzi akutsika ngati mpopi, ine ndapinda manja ndikumwetulira.

Nthawi imeneyo m'pamene ndinamva nyimbo yokoma ikuchokera mkati, mawu oyera, nsambo zochunidwa bwino. Ndinacheuka. A Gondwe akutuluka m'kachipinda muja, akuimba gitala yakuda, nkhope ili ngwee.

“Achimwene, chida ichi n'chabwino zedi. Nanga yanga ija mwaiika pati?”

Abale inu! Ndinayang'ana pansi pa ngalande, penti ikusendeka, thabwa loyera likuonekera, kapepala ka Salimo komwe a Gondwe anamata kumbuyo kakuyandama m'matope. Ndinathamanga kukaitenga, poitembenuza madzi anatuluka okwana kuphikira tiyi kwaya yonse. Ndinavula jekete n'kuyamba kuipukuta, ndikupepesa m'Chichewa, m'Chingerezi, mpaka m'Chitumbuka chimene sindichidziwa n'komwe. Amayi aja kuseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinadziwa kuti za utsogoleri zathera pompa, mwinanso andichotsa mu kwaya.

A Gondwe sanakalipe. Anaiyang'ana gitala yawo nthawi yaitali, anaisisita pakhosi, kenako anayang'ana yanga imene inali m'manja mwawo.

“Musadandaule, thabwa limauma. Ndibwereka yanuyi mpaka yanga iume.”

Ndikanati chiyani? Ndinavomera ndi manja awiri.

Mvula inatha, dzinja linapita, tinadya mondokwa, dzuwa la mu Okutobala linabweranso. Gitala yawo inakonzedwa, anaimata guluu, ili pakhoma kunyumba kwawo ndipo ikuoneka yowuma kuposa usipa. Zala zawo zija nazo zinachira mwadzidzidzi, akuti gitala yopepuka siwawitsa mafupa, moti za kupuma anasiya kuzitchula. Lamulungu lililonse tikaweruka ndimawafunsa mwaulemu ngati yauma, iwo amagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti mkati mukadali kachinyezi.

Mu kwaya sanandichotse, ndipo kunena zoona ndikusangalala, timaimba bwino kuposa kale. Anandipatsa maseche. Ndimawaliza mokhulupirika kumzere wakumbuyo, ndipo ndinalumbira kuti ngakhale wina atandiuza kuti maseche saopa madzi, ine ndidzangoti zikomo, jagi ikhale pakona pomwepo.