Kalata ya Jafali Mbawa

Pali mbuzi ina imene ndinadya ku Ngokwe, ndipo mpaka lero sinatsike pakhosi. Anthu akamandiyamikira kuti ndinali mphunzitsi wodziwa ntchito ndimangogwedeza mutu, koma mumtima ndimadziwa zanga. Pano ndakalamba, amene akanandiimba mlandu ena anapuma ena anatisiya, choncho ndingoulula.

Kwathu ndi kwa Nsamala ku Balaka, ndine Mkatolika wobadwa nacho, koma boma linanditumiza kukaphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina kufupi ndi Ngokwe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanatsokomole. Ana ambiri anali Achiyao. Kunyumba Chiyao, ku madarasa Chiarabu, akafika kwa ine n'kuwauza kuti muno ndi Chichewa ndi Chingerezi basi. Pa mayeso ankafunsidwa magulu a mayina, masamu a sitima ziwiri zonyamuka nthawi zosiyana, ndi mitsinje ya maiko amene ngakhale ine sindinawaonepo.

Malo a ku sekondale anali ochepa zedi. Sukulu yathu inkatha zaka osatumizako mwana ngakhale mmodzi, ndiye ana ankabwereza kawiri, katatu, ena mpaka ndevu kumera ali pa benchi. Ine ndinayambitsa makalasi a masana. Ena akaweruka, obwereza aja ndinkatsala nawo pakhonde la kalasi, tikulimbana ndi mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo. Sindinkalipiritsa. Makolo ankangobwera ndi nandolo, chinangwa, nkhuku ya apo ndi apo. (Ndinkakana kamodzi mwaulemu, kachiwiri ndinkalandira.)

Mwa obwerezawo munali anyamata awiri amene nkhaniyi ikuwakhudza. Woyamba anali Yusufu, mwana wa Che Mdoka, mwini golosale pa Ngokwe. Ameneyu anali mwana wanga wa pamtima: wochangamuka, mkono m'mwamba funso lisanathe, ndipo alendo akabwera ndinkaloza iyeyo. Wachiwiri anali Imedi, mwana wa mayi wamasiye, Abiti Saidi. Anali wamtali, wachibwibwi, wokhala kumapeto kwa benchi. Ndikamufunsa funso, yankho lake linkafika ine nditapita kale kwa wina. Zolemba zake zinali ting'onoting'ono ngati nyerere, ndipo ndivomere kuti makope ake ndinkachonga diso limodzi lili ku nkhomaliro.

Tsiku lina Abiti Saidi anabwera ndi kalichero ka nandolo kudzandifunsa nzeru. Anati amalume ake a Imedi akufuna kupita naye ku esiteti ya fodya, ndiye iwo ngati mayi sakudziwa ngati kubwereza kachitatuku kuli ndi phindu. Ine ndinayankha ngati sing'anga wodziwa matenda, kuti mwanayo alembe komaliza kuti mtima ukhale m'malo, koma asayembekezere zambiri. Nandolo uja ndinalandira.

Tsono masiku amenewo kunkamveka mphekesera yoti osankha ana akaona dzina lomwe lija chaka ndi chaka amalidumpha, ndipo akaona zaka zambiri amalidumphanso. Kaya zinali zoona kaya ayi, aphunzitsi ambiri tinkakhulupirira, ndipo mankhwala ake anali amodzi: wobwereza umupatse dzina latsopano, zaka umuchotsereko. Tsiku lodzaza mafomu ndinakhala ndekha m'kalasi ndi mayina asanu ndi awiri oti ndipeke. Mayina oyamba sanavute, Achisilamu ndinkawamva tsiku ndi tsiku. Achiwiri ndi amene anandiimitsa mutu, mpaka ndinasuzumira pazenera n'kuona mitengo. Basi ndinayamba kugawa: uyu Mbawa, uyu Mlombwa, uyu Naphini, uyu Mtondo, mpaka nkhalango yonse inalembetsa mayeso. Mnyamata wina wometa ndevu ndi lezala ndinamubweza pa zaka khumi ndi zitatu osaphethira.

Mwana aliyense ndinamunong'oneza dzina lake payekha, n'kumuuza kuti aliloweze, alilembe pa mayeso, koma asauze munthu, ngakhale makolo ake. M'kalasi ndinapitiriza kuwaitana mayina awo enieni. Akazi anga atamva anandifunsa bwanji osalemba penapake kuti wakuti ndi wakuti. Ndinawaseka. Pepala lotero likapezeka m'thumba mwako masiku amenewo unkakalifotokoza kwa anthu osaseka, ndiponso ine ndinali munthu woloweza mitsinje ya dziko lonse lapansi, mitengo isanu ndi iwiri ikanandikanika bwanji? Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mayeso analembedwa, oyang'anira anali a sukulu zina, zonse zinayenda bwino. Tinatsekera. Pa tchuthipo kunabwera ahedi atsopano, bambo a tayi ngakhale Loweruka, amene sankadziwa mwana aliyense ndipo za mitengo zija sakanazisekerera. M'mawa wina anandiitanitsa ku ofesi, kalata ili m'manja. Sukulu yathu inatulutsa mwana mmodzi wopita ku sekondale ya boma yogonera komweko.

"Jafali Mbawa," anawerenga. "M'kaundula wa chaka chatha sindikumuona. Ndi mwana uti ameneyu?"

"Ndikumudziwa bwino, ahedi. Ndipatseni, ndikapereka ndekha."

Zoona zake, m'mutu mwanga munali mitengo yokhayokha yopanda nkhope. Koma ndinadzifunsa: mbawa, mtengo waukulu wa matabwa abwino, ndikanaupereka kwa ndani? Ndiponso mwa ana onse aja, ndani akanakhoza? Mafunso awiri onsewo anandipatsa yankho limodzi, ndipo sindinafunenso lachitatu. Obwereza ena ankakhala pafupi pomwepo, ndikanangoima n'kufunsa mmodzi. Safunsa anadya phula.

Ndinakwera njinga, belu ndikuliza njira yonse ngati ndaona moto. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza kuti Yusufu wa Che Mdoka wasankhidwa. Pofika pa Ngokwe nkhani inali itandipitirira kale, amayi akululutira pakhonde la golosale. Yusufu mwini wake kunalibe, anali ku Ulongwe kothandiza amalume ake kugulitsa chimanga. Che Mdoka anandikumbatira mpaka magalasi anga anapendama. Atafuna kuona kalata ndinawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti dzina lili m'katimo ndi la pa mayeso chabe, asalitchule pagulu. Anatsinzinira diso limodzi ngati munthu wodziwa za malonda, ine n'kubweza kalata ija m'thumba la malaya, pamwamba pake pakuonekera kuti anthu aziiona.

Che Mdoka sanathe kudikira mwana. Anatuma uthenga ku Ulongwe, koma mbuzi inazingidwa masana omwewo ndi ashehe, mpunga unaphikidwa m'miphika ya pa sadaka, ndipo ine anandikhazika pa mpando wokhawo wotsamira. Anandipempha kuti ndilankhulepo. Ndinalankhula. Ndinati mphunzitsi weniweni amadziwa mwana wopita patali pongomuyang'ana m'maso, ngati mmene mlimi amadziwira thonje labwino likadali masamba awiri. Anthu anaomba m'manja. (Mawu amenewa ndimawakumbukira bwino lomwe, pamene mayina asanu ndi awiri anandikanika.)

Isanafike mbale, panabwera mnyamata wamtali ndi beseni la madzi osamba m'manja, n'kugwada patsogolo panga. Anali Imedi. Anabwera kudzathandiza pa chisangalalo cha mnzake. Ndikusamba, anayesa kunena kanthu, chibwibwi chikumugwira, ndipo pomaliza anangofunsa ngati wasankhidwa ndi mmodzi yekha. Ndinati eya, mmodzi yekha, koma asadandaule, si onse analengedwera sukulu, manja nawonso amadyetsa munthu. Anavomera ndi mutu n'kupita ndi beseni kwa wina. Kalata ija inali pachifuwa panga, pafupi ndi nkhope yake kwakuti akanatha kuinunkhiza.

Yusufu anafika tsiku lachitatu. Bambo ake anandiitananso, ndipo ndinapita nditavala tayi. Pakhonde panali Che Mdoka, akazi awo, ndi anthu angapo ogula mchere amene anaiwala dala zonyamuka. Ndinatulutsa kalata mwaulemu wonse n'kumupatsa mnyamatayo ndi manja awiri. Anaifunyulula akumwetulira. Kenaka kumwetulira kuja kunazima.

"Aphunzitsi, ine ndinali Alabi Mlombwa."

Ndinati aonetsetse bwino. (Taganizani, kumuuza munthu kuti aonetsetse dzina lake.)

"Iyayi, aphunzitsi. Jafali Mbawa ndi Imedi. Anakhala patsogolo panga, ndinaona pa pepala lake."

Mayi wina anaika ndalama ya mchere pa kauntala n'kuchoka osatenga mcherewo. Wina kumbuyo ananena motsitsa kuti Imedi anakwera lole ya ku esiteti dzulo lake m'mawa, pamodzi ndi amalume ake.

Che Mdoka anathamangitsa anthu, n'kundilowetsa kuseri kwa kauntala pamodzi ndi mwana wawo. Sanakalipe. Analankhula modekha ngati tikukambirana mtengo wa sopo.

"Aphunzitsi, dzinali munaliumba ndinu, lilibe bambo lilibe mayi. Mwana wa Abiti Saidi wapita. Nanga malowa aonongeke? Ku sekondaleko sadziwa nkhope ya Jafali."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaimirira n'kukana ngati Mkhristu. Sindinatero. Ndinakhala chete, ndikuwerengera kuti njira imeneyi ikanaphimba manyazi anga onse, ndipo chete ameneyo anatalika kuposa mmene ndimafunira kukumbukira. Amene anakana anali Yusufu. Anauza bambo ake, maso ali pansi, kuti iye abwereza. Anawonjezera kuti masamu amene ankayankha m'kalasi mothamanga aja ankamuonetsa ndi Imedi panjira, polemba ndi kamtengo pamchenga, ndipo theka la kalasi linkadalira iyeyo. Ndiye kuti chaka chonse panali makalasi a masana awiri, anga ndi enieni.

Kwa Abiti Saidi ndinapita wapansi, njinga ndikukankha, ndipo belu sindinaligwire. Ndinawapeza akusenda nandolo. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mitengo mpaka pa mbuzi. Anamvetsera manja osaleka ntchito. Nditatha anati mwana wawo anadikira mpaka tsiku la mpunga lija, atabwera anangoti aphunzitsi anena kuti ndi mmodzi yekha, n'kuyamba kumanga kathumba kake. Ndinafunsa kuti ndi esiteti iti. Anati amangodziwa kuti ndi ku Kasungu. Sanatukwane, sanalire pamaso panga. Anangondifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa, ndipo ine ndinachita manyazi kuposa pa golosale paja.

Ndinayesetsa, ngakhale kuti madzi akatayika saoleka. Ndinapita ku Balaka kukafunsa oyendetsa malole, ndinalemba makalata ku maesiteti amene ndinangomva mayina awo, osadziwa ngakhale kuti mnyamatayo analembetsa dzina liti kumeneko. Yankho silinabwere. Kupita ku ofesi ya maphunziro kukapempha kuti malowo asungidwe kunafunika kufotokoza kuti Jafali Mbawa ndani, ndipo kumeneko ndinaopa. Ahedi ndinangowauza kuti mwanayo anasamuka. Sukulu zinatsegulidwa, sabata zinadutsa, malo aja anapita kwa mwana wa kwina. Pa Ngokwe ana ankalira ngati mbuzi ndikamadutsa pa njinga, ndipo sindinakwapule ngakhale mmodzi.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinasiya kusintha mayina. Ndinama ndikatero, chaka chotsatira nkhalango ina inalembetsa mayeso, poti makolo ankandipempha okha. Chimene chinasintha n'chakuti mwana akayamba kuyankha ndinkadikira mpaka amalize, ngakhale belu lilire. Ndi phunziro laling'ono, ndipo amene analilipira si ine.

Imedi anabwerako patatha zaka ziwiri, wowonda, zikhatho zitada ndi utomoni wa fodya, ali ndi mkazi ndi khanda. Za sukulu zinali zitatha. Ndinakumana naye pa msika wa Ngokwe atasenza thumba la chimanga, ndipo ndinamupempha kuti tifike kunyumba kwanga. Nkhani yonse anali ataimva kale kwa mayi ake. Ndinatulutsa kalata ija m'buku la mapemphero mmene inakhala chiibwezereni Yusufu kwa ine. Anaiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere ndi mzere, kenaka anafunsa ngati angaisunge. Ndinati ndi yake.

"Ko-koma aphunzitsi, mwana wanga akadzakula, adzadziwa bwanji kuti ndi ine? Dzina langa mulibemo."

Anandipatsa kalatayo, n'kuloza malo opanda kanthu kumunsi kwake. Ndinatenga cholembera n'kulemba kuti Jafali Mbawa ndi Imedi mwana wa Abiti Saidi, anakhoza mayeso ndipo anasankhidwa, wolakwa ndi mphunzitsi wake. Ndinasaina dzina langa lonse. Anadikira kuti inki iume, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

"Sikomo, aphunzitsi," anatero, n'kusenza chimanga chake.

Akanandilalatira, bwenzi nditachira kalekale. Koma mnyamatayo anandithokoza, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.