Kalongonda Wosapsa

Mpaka lero kwa Changata kuli nkhalamba ziwiri zimene zikandiona zimayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Sindizikwiyira. Zinaona ndi maso zimene ndinachita pakhonde pa mzungu, ndipo ndikanakhala woonerera ndikanaseka kuposa izo. Koma ine mwini ndikaikumbukira nkhaniyi, kuseka kumandithera panjira.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, masiku amene galimoto inali imodzi yokha, ya bwana, tiyi wa kutsidya kwa mtsinje asanafike ndi m'mawondo momwe. Manja anga anali othamanga, koma mtima unkathamanga kuposa manjawo. Mgwazo wa tsiku ndinkamaliza anzanga ali pakati, kenako n'kumazungulirazungulira kuti akuluakulu andione. Ndinkafuna ukapitawo, abale, moti ndinkaulota ndili maso.

Akazi anga, a Malita, anali Mlomwe. Makolo awo anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi. Ine Mmang'anja, nyemba zimene ndinkadziwa ndi zoti zikafewa wadya, basi. Kalongonda ndinakamudziwira kubanja. Nyemba imeneyi siifuna phuma: umaiwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ukaidya isanathe ululu wake, imakuzunguza mutu, ndipo ena imawatenga ndithu.

A Malita ankamuphika Lamulungu, ndipo nthawi zonse pempho lawo linali limodzi.

"Bambo, khalani pansi. Tidikire limodzi."

Ine kukhala pansi? Kuyang'anira mphika tsiku lonse? Ndinkapeza chifukwa: mpeni wodulira tiyi ukufunika kunola, akuti akundifuna, ndibwera pompano. (Pompano wanga ankatha dzuwa litalowa.) Iwo sankakangana nane. Ankangosuntha kampando kanga n'kukabweza m'nyumba.

Lamulungu lina a Malita anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinali nditalonjeza kuti lero lokha sindichoka. Ndinakhaladi, mpaka madzi achiwiri atatayidwa. Kenako kunabwera uthenga: kapitawo wathu wakalamba, bwana akufuna kuona anthu atatu masana omwewo kuti asankhepo mmodzi, ndipo dzina langa lilipo. Ndinadzambatuka ngati ndakhalira moto.

"Mwalonjeza," anatero a Malita.

"Amayi, ukapitawo sudikira munthu."

"Nanga ine ndimadikira?"

Ine ndinali kale m'nyumba kufunafuna jekete. Iwo ananyamula mtsuko kupita kumtsinje kukatunga madzi achitatu, ndipo ali pakhomo anacheuka: "Musakhudze mphikawo. Sanathe."

Njala inali itandigwira, ndipo sindinafune kukaima pamaso pa mzungu mimba ikulira. Ndinavundukula. Ndinatsina nyemba imodzi, yofewa bwinobwino. Ndinati mumtima, Alomwewa amangokonda kuvutika. Ndinadya chipande chimodzi chodzadza, n'kuwonjezera chachiwiri (chachitatu sindichivomera, ngakhale a Malita ankati mphika unachitira umboni), n'kuvundikira mwaulemu ngati palibe chachitika.

Mpaka pa mlatho ndinayenda ngati munthu. Nditayamba kukwera chitunda cha kunyumba ya bwana, mizere ya tiyi inayamba kuyenda yokha. Ndinaima, nayonso inaima. Ndinayenda, inayambanso. Thukuta linali kamukamu, lilime lolemera. Ndinadziuza kuti ndi mantha chabe.

Pakhonde ndinapeza anzanga awiri ataima kale, manja kumbuyo. Bwana atatuluka, ine ndinaona mabwana awiri, ofanana mpaka chipewa. Ndinasankha wakumanzere n'kumugwadira. Unali mzati.

"Iwe, ine ndili kuno," anatero bwana, m'Chinyanja chake chopindika chija.

Anatitengera pa chitsamba cha tiyi pafupi ndi khonde kuti aliyense asonyeze mmene angaphunzitsire munthu watsopano kuthyola: masamba awiri ndi nsonga. Anzanga anasonyeza bwino. Ine, katswiri wa esiteti yonse, ndinatambasula dzanja, chitsamba chinathawa, ndinachithamangira, n'kugweramo chamutu, miyendo m'mwamba. Atandizula, ndinafuna kupepesa. Ndinatsegula pakamwa, ndipo m'malo mwa mawu munatuluka kalongonda yense, pa nsapato zoyera za bwana.

"Kachasu! Lamulungu!" anakuwa.

Ndinafuna kunena kuti sindimwa, koma ndani akanamva? Ukapitawo unapita kwa wina, ine ananditengera kunyumba pamachira a thumba, ana a m'chitando cha antchito akulondola pambuyo ngati kuli gule.

A Malita atandiona sanaseke. Analira, anandimwetsa madzi ambirimbiri, anaitana mayi awo. Anadzaseka m'mawa mwake, ataona kuti sindifa. Anaseka atagwira mimba yawo ija, misozi ili mbwembwembwe.

"Akapitawo, mwadzuka bwanji?"

Miyendo inakana kundinyamula masiku atatu. Ndinagona pamphasa pakhonde, wopanda kothawira. Ndi pamene ndinadziwa kuti akazi anga akamasenda chinangwa amaimba chapansipansi nyimbo ya Chilomwe, ndiponso kuti nkhuku iliyonse anaipatsa dzina la munthu wa m'chitando (tambala wolongolola uja anali ine). Tsiku lachitatu anatenga dzanja langa n'kuliika pamimba pawo, mwana anandimenya ndi chidendene. Zaka zinayi tili pabanja, zonsezi ndinali ndisanazione. Anaphikanso kalongonda wina, ndipo ulendo uno ndinamudikira nawo mpaka madzi omaliza, popeza ndikanapita kuti?

Nditachira ndinabwerera ku phuma langa. Ndinati ndikonze dzina langa kaye, zokhala pansi tidzakhala, Malamulungu ndi ambiri.

Anatsala asanu ndi atatu okha. Mvula yoyamba itagwa, a Malita anadwala matenda aakulu a uchembere. Tinawanyamula pamachira kulowera ku chipatala cha mishoni ku Makwasa, koma msewu unali matope okhaokha. Mwana anakhala moyo, mtsikana. Mayi ake sanabwerere.

Ukapitawo ndinadzaupeza patapita zaka, ndipo ndikunena zoona, sindikumbukira tsiku ngakhale limodzi la ukapitawowo limene ndingalifune kuti libwerere. Zimene ndili nazo za akazi anga ndi masiku atatu aja, ndipo ngakhale amenewo sindinawapereke mwa kufuna kwanga. Inachita kundigwetsa nyemba. Chimenechi chimandipweteka kuposa kuseka kwa anthu.

Mwana uja tsopano ndi mayi wa ana ake, ndipo kalongonda anaphunzira kwa agogo ake. Lamulungu akateleka mphika, amatulutsa kampando n'kunena mawu amene sanawamvepo kwa mayi ake: "Bambo, khalani pansi."

Ndimakhala. Dzanja lokha ndi limene silinaphunzire, limapitabe ku chivundikiro, iye n'kulimenya ndi chipande. Koma kuchoka sindichoka, ngakhale andiitane ndani, mpaka madzi omaliza atatayidwa.