Tambala wa Khirisimasi ndi Mbale ya Azakhali

Lolemba, 19 Disembala 1955

Amayi akuti chaka chino mbale ya Azakhali ndi ntchito yanga. "Sitandade fo unamaliza, mbale imodzi ingakukanike?"

Mbaleyo ndi yamaluwa ofiira. Azakhali, alongo awo a Abambo, anakwatiwa kwa Asilamu. Pa Idi amatitumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi m'mbale imeneyi. Ife timaisunga mpaka Khirisimasi n'kuibweza ndi mpunga ndi nkhuku. Chiyambire sinabwererepo yopanda nyama. Isayambire pa ine.

Zofunika:
1. Mpunga. Ulipo. Ndapeta kawiri, timiyala ndatola ndi dzanja.
2. Mchere, anyezi.
3. Tambala. Alipo, wofiira, wonenepa.
4. Womuzinga. Apa ndiye pagona nkhani.

Azakhali sadya nkhuku imene sinazingidwe ndi Msilamu. Chaka chilichonse Abambo amapita nayo kwa a Mwalimu Saidi a kumzikiti, koma Abambo ali kuntchito ku Halale. Ndiye kuti ine ndikapemphe ndekha. Ine! Ndi pakamwa!

Mawu ake ndakonza: "Chonde mudzatizingire tambalayu Loweruka." Mawu anayi okha. Ndayeserera kuseri kwa nkhokwe kakhumi. Akutuluka bwino.

Lachiwiri

Ndafika, tambala m'khwapa. Pakhonde pa a Mwalimu pali azibambo asanu ndi awiri akusewera bawo. Sindinawaike pa ndondomeko yanga.

Ndagwada. Moni ndapereka kwa aliyense, mmodzimmodzi, kuti wina asadandaule. Pofika pa wachisanu ndi chiwiri mawu anga atha.

"Watani mwanangu?" a Mwalimu akufunsa.

Ine maso ali pa tambala.

"Tambala wabwino ameneyo."

"Zikomo," ndikutero, ndikudzuka, ndikubwerera. Tambala yekha ndiye walankhula njira yonse.

Amayi: "Pakamwa unasiya pa mphasa?"

Lachitatu

Nzeru yatsopano: kalata! Pepala silichita manyazi.

Ndalemba katatu. Yoyamba inki yadontha. Yachiwiri mzere wapendekeka. Yachitatu ndi yokongola, ngakhale aphunzitsi akanailemba chongi.

Ndamanga tambala miyendo, ndapita naye kuti a Mwalimu angomuona kukula kwake. Koma kalata kwa munthu wamkulu siperekedwa ndi dzanja limodzi. Tsono ndaika tambala pansi, pamapazi pawo, ndapereka kalata ndi manja awiri, ndaombanso m'manja mwaulemu.

Azibambo onse andiyang'ana.

Ndathawa.

Ndili pansi pa mango a kwathu ndi pamene ndikuona kuti m'khwapa mwapepuka.

Palibe kanthu. Kalata ifotokoza zonse. Ndinalemba momveka.

Lachinayi

Kalata sinafotokoze chilichonse.

M'mawa kwabwera akazi a a Mwalimu, nkhope ili ngwee, m'manja muli mbale ya zitumbuwa yovindikira ndi kansalu.

"A Mwalimu akuti sanaonepo mwana waulemu chonchi. Tambala wathunthu, osanena ngakhale mawu amodzi odzitamandira!"

Ndafunsa chapansipansi za kalata. Akuti aisunga bwino m'thumba la mkanjo. A Mwalimu amawerenga malemba a Chiarabu okha, a kusukulu kwathu ayi. Zaka zonsezi ndimawaona ndi mabuku, sindinaganizepo kuti ndi zilembo zina!

Apa mpamene ndikananena kuti sinali mphatso. Ndatsegula pakamwa. Chatuluka: "Zikomo."

Amayi alowa m'khitchini. Ndikumva akuseka mpaka kutsokomola. Potuluka akuti, "Ine sindilowererapo. Nkhuku yoperekedwa ndi manja awiri ndikailande ndi dzanja liti?"

Zimene ndili nazo tsopano:
Mbale ziwiri zosayenera kubwerera zopanda kanthu.
Tambala: palibe.
Zitumbuwa n'zokoma. Ndadya zinayi ndikulira.

Lachisanu

Ndadutsa kuseri kwa mpanda wa a Mwalimu katatu ndi ndowa yopanda madzi, ngati wopita kunyanja. Ulendo woyamba tambala akulira. Wachiwiri akulirabe. Wachitatu kuli fungo la anyezi.

Kwawoko kwabwera alendo ochokera ku Bua kudzapemphera Ijumaa. Tambala wazingidwa bwinobwino, mwalamulo lake, monga ndinkafunira. Tsiku lokha ndi mbale yake ndiye zalakwika.

Osataya mtima. Nsomba sizifuna kuzinga! Ndatumiza mawu kwa Amalume ku Chia kuti andisungire chambo chachikulu mawa. Ndatuma amayi ena ogulitsa chinangwa, poti amenewo ndimatha kulankhula nawo ndikayang'ana pansi.

Loweruka

Amalume afika okha, thukuta lili kamukamu, chinthu chili paphewa.

Mlamba.

"Chambo n'chamafupa, mphwanga. Ndakusankhira wamafuta. Taona mutu wakewo!"

Azakhali mlamba saukhudza n'komwe, akuti ndi nsomba yopanda mamba. Kwa Asilamu onse a kuno sulowa m'nyumba. Amalume akudziwa zimenezi, koma akuti anaiwala chifukwa cha kukula kwake. Ndati zikomo. Mawu amenewa andithera zinthu sabata ino.

Masana kwachitika choopsa. Akalaliki a ku Boma anapita kukasewera bawo, ndipo a Mwalimu anatulutsa kalata ija kuti amve madalitso amene mwana waulemu anawalembera. Akalaliki aiwerenga mokweza. Pakhonde. Pamaso pa onse.

Mpaka pamene ndinalemba kuti, "Chonde nthenga ndi mutu mudzandibwezere, ndidzaziwerenga."

Akuti bawo linagubuduka. Akuti mlendo wina wa ku Bua anagwira pamimba n'kunena kuti, "Mwendo wina uli muno, mwanayo abwere adzawerenge."

Sindipitanso kunyanja mpaka ndidzakalambe.

Lamulungu, Khirisimasi

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mzati. Nyimbo ndaimba ndi milomo yokha.

Mpunga wapsa bwino, woyera, wosamatana. Pamwamba pake ndaika mazira awiri owiritsa ndi chisoso. Mazira ndiwo nkhuku yokhayo imene sifuna a Mwalimu. Mbale ya zitumbuwa ndabweza ndi mango.

Mbale yamaluwa ndapita nayo ndekha kwa Azakhali. Avundukula. Ayang'ana mazira. Ayang'ana ine. Mapewa ayamba kugwedezeka.

"Nkhuku yako ndinadya kale Lachisanu, mwana wa mlongo wanga. Ndine ndinathandiza kuphikira alendo aja. Ndinatenga chiwindi. Chaka chino Khirisimasi yangofulumira."

Akuti mbale yabwerera bwino. Koma akuti nkhaniyi adzaifotokoza pa ukwati wanga.

Pofika kunyumba ndapeza akazi a a Mwalimu atakhala pamphasa ndi Amayi. A Mwalimu achita manyazi kwambiri, akuti pepani, ndipo atumiza tambala wina. Woyera, wamkulu kuposa uja.

Wamoyo.

A Mwalimu eni ake aperekeza alendo ku Bua, abwera chaka chatsopano chikalowa. Akuti akadzabwera ndidzapite naye akamuzinge, ndidzangonena tsiku.

Ndidzangonena!

Ife tadya mlamba. Tambala wamangidwa pa nkhokwe, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndamuyeserera mawu anayi aja. Akutuluka bwino.