Dzungu la ku Thonibeki

Mwambi uja akuluakulu amakuponyerani mukamagwira uku ndi uku, gwero lake ndi ili. Tcherani khutu ana inu, nkhaniyi si yobwereza.

Kumapiri a ku Dedza kunali bambo wina dzina lake Laitoni Nkhoma. Ali mnyamata ankalima maluwa kwa dokotala wina wachizungu, ndipo dokotalayo atapuma pantchito anamutenga kupita naye kwawo ku Mangalande, kukamudzi kotchedwa Thonibeki. Kumeneko anakhalako zaka khumi ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo ankalira kwawo: dzuwa, masuku, fungo la fumbi mvula yoyamba ikagwa. Dokotala atamwalira iye anabwerera kumudzi. Mwezi usanathe n'komwe, anayamba kulira ku Thonibeki.

Munthuyo mtima sunkakhala m'malo. Ukati, “Mwadzuka bwanji a Nkhoma?” yankho linkadzera kaye pa mlatho wamiyala wa ku Thonibeki, n'kukhotera kwa mayi wophika buledi amene fungo lake linkadzutsa msewu wonse, n'kukaima pasiteshoni kudikira kasitima kamalasha kosachedwa ndi mphindi imodzi yomwe. Pofika poti “ndadzuka bwino,” mnzake anali atalima kale mizere itatu.

Koma nkhani yake yaikulu inali ya dzungu. Chaka china pachionetsero cha zaulimi, dzungu lake linaposa maungu onse a eni mudzi. Chithunzi anali nacho, chomata pakatoni: iye mwini ataima ndi kapusi, atakumbatira chidzungu ngati mwana wobereka kutsogolo.

Mlamu wake Zakeyu, mchimwene wa mkazi wake, sankamupatsa mpata.

“Alamu, wanyamula dzunguli ndinu, sitikana. Koma kodi simunangowanyamulira eni ake? Paja kunyamula ndiye inali ntchito yanu.”

Mawu amenewa ankamudya a Nkhoma ngati nankafumbwe.

Pofuna kuziziritsa mtima, anamanga nyumba yamiyala kumtunda kwa munda wake, yofanana ndi za ku Thonibeki. Timawindo tating'ono, chumuni chachitali, khonde ayi.

“Kumeneko kulibe makonde,” anatero. “Munthu akafuna kukhala amalowa m'nyumba.”

Malata atamuperewera, anakazula a pakhonde la nyumba yakale kumunsi. Pachitseko anaikapo loko amene anabwera naye m'sutikesi, uja wodzitseka yekha ukangokoka chitseko.

Mkazi wake, Nagama, analowamo kamodzi, n'kutuluka akusisita mikono.

“A Nkhoma, muno muzikhala nokha. Kuzizira kumeneku ndidzakumana nako kumanda, osati ndili moyo.”

Basi, bambo uja anakhala wa nyumba ziwiri. Akakhala kumtunda, bata linkamuopsa, n'kuyamba kusirira phokoso la kumunsi. Akatsikira kumunsi, utsi ndi nkhuku zinkamukumbutsa kuti ku Thonibeki kulibe zotere, n'kudzuka kukweranso. Nsapato uku, chipewa uko, lumo lometera osadziwika. Kanjira ka pakati pa nyumba ziwirizo kanasanduka ngalande ndi mapazi a munthu mmodzi.

Tsiku lina kunabwera kalata. Inachokera kwa Hilida, mwana wa dokotala uja, amene anabadwira konkuno ndipo Chinyanja anayamwira kumsana kwa amayi olera. Tsopano anali mayi wamkulu. Analemba kuti Thonibeki wasintha: mlatho wamiyala anaugumula, kasitima kanaleka, pamalo pophikira buledi pali malo oimikapo magalimoto. Choncho anthu a m'mudzimo ankatolera zithunzi zakale kuti alembe buku la mbiri ya mudzi wawo, ndipo chithunzi cha chionetsero cha chaka chija palibe wina anali nacho. Iye adzafika Loweruka pa basi ya masana ndi kamera, adzachijambule, ndipo pansi pake adzalembapo dzina la mwini dzungu.

A Nkhoma anaiwerenga kasanu. Za mlatho analira pang'ono. Kenako anathamangira kwa Zakeyu.

“Alamu, Loweruka mubwere. Mubwere ndi makutu onse awiri!”

Loweruka kunacha kotentha, mitambo ikuunjikana pamwamba pa phiri. Funso linali limodzi: mlendo alandiridwire kuti? Kumtunda, kuti aone kuti Laitoni sanaiwale makhalidwe a ku Thonibeki. Anasenza mipando kukwera nayo. Atafika anaganiza kuti ayi, nkhuku ikuphikidwa kumunsi, mlendo salandiridwa kopanda moto. Anatsika nayo. Atatsika anaona zitosi pabwalo. Anakwera nayonso. Thukuta litamukwana, anavula jekete n'kulikoleka pamsomali m'nyumba yakumunsi.

Nagama anaima pakhomo, manja m'chiuno.

“A Nkhoma, mipandoyi yayenda kuposa basi imene tikudikirayi. Nenani kamodzi. Kuti?”

“Kumtunda.”

“Mwatsimikiza?”

“Ndanena Anagama, kumtunda!”

“Chabwino. Ine ndi achimwene tikukamuchingamira kumsewu. Inu mukakhale pansi. Mukudziwa kukhala pansi?”

Nagama anatenga ambulera, natseka nyumba ndi loko wake wa pagolosale, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Sanaone chifukwa chosiyira pakhomo posatseka, poti mwamuna wake anali ndi nyumba yakeyake.

Kumtunda chitseko chinali chotsekula, atachitchinga ndi mwala. A Nkhoma anakhala pampando, chithunzi pamiyendo. Anakhala mphindi zingati? Zosakwana kuphika tiyi. Maganizo anayambanso. Hilida nyumba zamiyala watopa nazo kwawo. Munthu wauluka mtunda wonsewo, akufuna aone bwalo, nkhokwe, mtondo, zimene anazisiya ali mwana. Kumunsi ndiye koyenera.

Anadzambatuka ndi chithunzi m'manja, nakankha mwala ndi phazi, nakoka chitseko monga ankachitira ku Thonibeki. Khetye! Loko wa ku Mangalande anagwira ntchito yake mokhulupirika.

Kumunsi anapeza loko wa Nagama akulendewera. Anapapasa m'thumba kuti abwerere kumtunda. Kiyi mulibe. Anasuzumira pamng'alu wa chitseko, n'kuliona jekete lili pamsomali, kiyi ali m'menemo phee.

Pamphuno pake panagwa dontho.

“Aa, kamvula,” anadzilimbitsa mtima. “Ku Thonibeki ndinkalima tsiku lonse mvula ikugwa, kapusi yekha basi. Njonda sithamanga mvula.”

Anaika chithunzi m'kati mwa malaya, nayamba kukwera pang'onopang'ono, mutu m'mwamba, poganiza kuti windo lina analisiya lotsekula. Anaiwala chinthu chimodzi. Ya ku Thonibeki ndi mvula yamawawa, yopempha njira isanalowe. Ya ku Dedza mwezi wa Disembala sigogoda. Ali pakati pa munda, kumwamba kunang'ambika.

Njonda inathamanga.

Windo linalidi lotsekula. Mutu unalowa, mapewa anakana. Anayesa chammbali, anayesa kuyamba ndi mkono, mvula ikumukwapula kumbuyo ngati mwana wakuba nzimbe. Anazula mutu, nayang'ana pobisala. Khoma lamiyala linangoima chilili, madzi a padenga akutsikira m'khosi mwake mwenimweni. Khonde, paja ku Thonibeki kulibe.

Liwiro kumunsi. Kumeneko anaima pamene panali khonde kale, mitengo yokhayokha ili yangayanga, malata ake akulira ndi mvula kumtunda. Anaona nkhuku zitaunjikana pansi pa nkhokwe, zouma bwinobwino. Anagwada, nalowetsa mutu. Akanakwawa pang'ono, nkhani ino sibwenzi ilipo. Koma anaganiza za Hilida kumupeza pansi pa nkhokwe, iye Laitoni wa dzungu, Zakeyu akuonerera. Ayi. Kuseri kwa chumuni kumtunda mphepo siifika. Anabwerera chambuyo, nayambanso kukwera.

Kuseri kwa chumuni ndiye kunali mathithi. Bola nkhokwe ija! Anatsika. Kanjira kaja kanali katasanduka mtsinje, ndipo anatsetsereka ndi matako mpaka m'mizere ya chimanga, nsapato imodzi n'kupitirira yokha. Atadzuka sanadziwenso kumene amapita. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, naponya phazi uku, nalibweza. Mvula inamusiya ali pomwepo, pakati penipeni.

Alendo anafika dzuwa litatulukanso, ouma, poti anausa pagolosale ya kumsewu.

“Bambo Laitoni!” anafuula Hilida. “Mayo ine, mwagwa mumtsinje?”

“Ayi dona, kamvula chabe. Mwayenda bwanji? Chithunzi chili bwino, ndinachisunga pamtima.”

Anachitulutsa. Katoni anali atafewa ngati phala, koma chithunzi chinkaonekabe. Pankhope pake pokha panali kamatope. A Nkhoma sanafune kulowa m'buku la ku Thonibeki ali wakuda kumaso. Anasolola kampango m'thumba.

“Musapukute!” anakuwa Hilida.

Anali atapukuta kale. Nkhope, kapusi, khosi, zonse zinatsalira pakampango. Pachithunzi panatsala chidzungu, manja awiri, ndi miyendo pansi pake.

Zakeyu anasendera pafupi, nawerama, nayang'anitsitsa.

“Dona, tithandizeni. Inu munaliko. Dzunguli analima ndani?”

Hilida anali munthu wosanama. Anayang'ana a Nkhoma mwachisoni.

“Chaka chimenecho ine ndinali kusukulu yogonera komweko. Ndinangomva kuti kunali dzungu lalikulu. Koma zimene andiuze Bambo Laitoni ndilemba.”

“Zimene anene iwo tinazimva kale, zaka zisanu ndi ziwiri,” anatero Zakeyu. “Inu lembani zimene mukuona. Dzungu linapita lokha kuchionetsero. Miyendo yake ndi iyi.”

A Nkhoma anatsekula pakamwa, koma munatuluka kuyetsemula. Anangokhala pansi pamatope pomwepo, kampango m'manja, akuyang'ana nkhope yake imene inasanduka banga. Aka kanali koyamba chibwerere ku Mangalande kuti anthu amuone atakhala malo amodzi.

Nagama anamasula kiyi pachitenje osathamanga. Hilida anali asanamvetsebe.

“Koma amayi, ine ndaona nyumba ziwiri. Bwanji sanabisale mu imodzi?”

Nagama analoza kuphiri ndi kiyiyo.

“Mukuwaona anyani awo, dona? Phanga ali nalo limodzi. Mitambo ikada safunsana, amadziwa kolowera. Taonani atuluka ouma, akutolana nsabwe padzuwa. Tsono awa anga ali ndi mapanga awiri.” Anatembenuka. “Dzukani a Nkhoma, mukavule zonyowazo. Kapena tiyambe tafunsa kuti malaya ouma ali kunyumba iti?”

Zakeyu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo pofika mawa lake nkhani inali itazungulira midzi yonse ya kuseri kwa phiri. Kuyambira pamenepo, akaona munthu mwendo uku mwendo uko, osadziwa pokhazika mtima, amangopukusa mutu n'kunena kuti: mapanga awiri avumbwitsa.