A Tsache ndi Agogo Awo a Mkuwa

Mumzinda muno munali munthu mmodzi yekha wotukwana chiboliboli tsiku ndi tsiku: a Tsache, osesa m'paki. Ine ndimajambula anthu zithunzi pomwepo, ndiye zonse zinkandilowa m'khutu.

Chibolibolicho chinali cha mzungu wina woyendayenda, chachitali kuposa mitengo, chala chitaloza kutali. M'munsi mwake munali chimbale cha mkuwa chosonyeza amuna anayi atamunyamula pa machila, ndi mawu akuti, "Anatulukira mtsinje waukulu."

"Kutulukira unatulukiradi," ankatero a Tsache, "ngati mlendo wa nthawi ya chakudya. Mtsinjewo makolo athu ankachapamo matewera iwe usanabadwe, wamva?"

Onyamula anayiwo ankawapukuta mpaka kuti waliwali. Mzungu pamwambapo ankamusiyira nkhunda.

"Madala, pukutaniko mutuwo," anatero kapitawo wa pakiyo tsiku lina.

"Mutu unayenda? Inayenda ndi miyendo iyi, bwana."

"Ndikuchotsani ntchito."

"Yambani mwachotsa nkhunda, ndi zimene zikumunyera."

A Tsache ankati mwa onyamula aja, wakumbuyo kumanzere ndi agogo awo. Tikafunsa umboni, ankakoka makutu awo aakuluwo. "Simukuona mtundu?" Tinkafa nazo nseko. Koma tsiku lina anandiuza, nkhope ili gwa, kuti agogowo anafera paulendo womwewo, ndipo anangowasiya m'tchire osawakwirira.

"Manda awo ndi ano, achimwene. Ndikasesa kuti kwina?"

Kenako kunabwera khamu ndi zingwe kudzagwetsa chibolibolicho. A Tsache anaima patsogolo, tsache m'manja.

"Gwetsani wapamwambayo, chingwe ndikoka nawo! Koma apansiwa asiyeni!"

Ndani akanamva m'phokoso lija? Wina anakuwa kuti, "Galu wa atsamunda!" Anawakankha, anagwera pa simenti, chiuno n'kuthyoka. Ine ndinali pomwepo, kamera m'manja, ndipo sindinachite kanthu. Mpaka lero zimandidya mumtima. A Tsache anamwalira m'chipatala patatha milungu itatu.

Atamugwetsa, mzungu uja anathyoka chala chokha. Akuluakulu anamutola, akuti ndi mbiri, ndipo pano ali m'nyumba yosungiramo zakale, pamthunzi. Chimbale chija anachizula ogula zitsulo zakutha.

M'paki muno tsopano muli zii. Masamba ali mbwee, palibenso wokangana ndi mkuwa m'mawa. Pa simenti pangotsala mabowo a mabawuti.

Sabata yatha kunabwera mwana wamkazi wa a Tsache.

"Bambo, akuti mwakhala mukujambula pano zaka zonsezi. Ndikufuna chithunzi cha agogo aja, tikaike pamanda a bambo anga."

Ndafufuza makatoni onse, zithunzi za zaka makumi awiri. Mzungu ali m'chithunzi chilichonse. Koma makasitomala ndinkawaimika kutsogolo kwa chimbale chija, kuti mutu wa mzungu ukwane bwino. Onyamula anayiwo ndinawaphimba ndekha, ndi madiresi ndi mathalauza a anthu.

Mayiyo abweranso Lachisanu.